Thonje m'Golovesi Lakumanzere

Kawasaki
14 Novembala, 1971

Okondedwa amake Sanae,

Moni kunyumbako. Ndikhulupirira kuti muli bwino, ndi kuti chifuwa cha bambo chachepako. Ine ndinafika bwino ndipo thupi silikundivuta paliponse. Kuno mitengo ikadali ndi masamba, pamene kwathuko ndinasiya phiri litayera kale kumutu.

Chaka chino atipatsa ntchito yokumba njira ya sitima yoyenda pansi pa nthaka. Timatsika kusanache, timakwera kutada, moti dzuwa ndimaliona Lamulungu lokha. Kukomboni ndikugona moyandikana ndi Tetsu, uja wa kutsidya kwa mtsinje kwathu. Sanasinthe. Akuti ndikupatseni moni, ndipo akuti mumuuze mkazi wake kuti akadali moyo, chifukwa iye pensulo imamulemera kuposa piki.

Ndatumiza mayeni zikwi makumi atatu. Mugule palafini wokwanira mpaka Januwale, ndi mankhwala a m'maso a bambo, ngakhale akane. Chipale chofewa chikayamba kuunjikana, muyambe kuchotsa cha padenga la dojo yathu yophunzitsiramo za malupanga, cha panyumba yogona pambuyo. Mitanda ya dojo ndi ya nthawi ya agogo, singapirire. Musakwere nokha. Pemphani a Hosoya a ku bungwe la alimi. Koma akayamba nkhani yawo ija yoti bungwe la alimi likufuna nyumbayo kuti lizisungiramo matumba a feteleza, muwathirire tiyi, muwafunse za adzukulu awo.

Tsiku lonyamuka sindinakuuzeni zimene bambo ananena pakhomo, inu mutalowa kukatenga kamba wanga. Anandigwira pamkono, maso awo ang'ala aja akuyang'ana penapake pambali pa khutu langa, n'kunena kuti, "Yoshizo, pa Chaka Chatsopano pano undimenye. Ndatopa kukhala pamalo paja."

Mawu amenewa ndimatsika nawo m'dzenje tsiku lililonse. Kuyambira ndili mnyamata, kupatula zaka za nkhondo ndi zija kendo, luso lathu la malupanga, inali yoletsedwa, tsiku lachiwiri la chaka ndimaima pamaso pawo ndi lupanga lansungwi, mudzi utagwada m'mbali mwa khoma. Lamulo la agogo silinasinthe: malo a mphunzitsi amatenga mwana amene wamenya bambo ake pamutu, kumenya koyera, anthu akuona. Bambo anamenya agogo asanakwane zaka makumi atatu. Ine imvi zandimera ndikumvabe liwu lomwe lija: "Sichinafike." Ngakhale tsopano pamene saona, nsonga ya lupanga lawo ikangokhudza yanga amadziwa zimene ndikufuna kuchita ine ndisanadziwe. Koma kuti atopa, sanayambe andiuzapo. Ndipo tonse tikudziwa kuti akapita malowo ali opanda munthu, a Hosoya sadzafunikanso kupempha.

Choncho m'mawa uliwonse ndimatenga mpini wa piki, n'kupita kuseri kwa komboni kukamenya mphepo. Tetsu amasuzumira pawindo atafunda bulangeti mpaka kumutu. "Mkulu wanga, mphepoyo yakulakwirani chiyani? Mukaipha mutigawireko mwendo."

Mudzisamalire. Usiku muziika botolo la madzi otentha kumapazi kwa bambo.

Ndine amuna anu,
Yoshizo


Kawasaki
29 Novembala, 1971

Amake Sanae,

Moni. Kalata yanu ndalandira pamodzi ndi phukusi, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino. Ndiwo ija ya daikoni wofutsa pautsi nditangomasula, chipinda chonse chinanunkhira khitchini yathu. Anyamata a ku Kyushu anathawa atagwira mphuno. Ife a kumpoto tinatsala, n'kudya.

Ine ndili bwino, kungoti ndinadzipweteka pang'ono padzanja sabata yatha, ndiye ndikupumula masiku angapo. Musade nkhawa. Mukuona nokha kuti zilembo zanga sizinasinthe. Kapitawo anandiperekeza yekha kwa dokotala wina wa kuseri kwa msika, osati kuchipatala chachikulu, n'kundipatsa envulopu ya ndalama. Akuti za mapepala zimangochedwetsa anthu, ndi bwino tizinena kuti zinachitikira kukomboni. Sindinatsutse. Mwezi uno ndalama zichepa. Nsapato zanu munanena zija muyambe mwadikira, mundikhululukire.

Tetsu masiku ano sakuseka. Amandichapira zovala, amandimangira zingwe za nsapato, ndipo ndikamuthokoza amatuluka panja kukasuta.

Kukhala osagwira ntchito kumadzutsa zakale. Dzulo nditagona chagada ndinaona dojo m'nyengo yozizira, ine ndili kamwana, mapazi atachita dzanzi pamatabwa. Bambo ankalowetsa kapepala pakati pa chigwiriro cha lupanga ndi kachala kanga kakang'ono ka kumanzere, n'kumakoka. Kapepalako kakasololoka, ndiye kuti matabwa onse ndikolopa ndekha. "Lupanga limagwiridwa ndi aka ndi kanzake aka," ankatero, akufinya tizala tiwiri tomalizira. "Dzanja lamanja limangoperekeza." Ndinkalira. Popita kunyumba ankandibereka kumsana, ine n'kugona tulo nkhope ili pakhosi pawo pofunda.

Za dzanjali musawauze bambo. Si nkhani.

Yoshizo


Kawasaki
8 Disembala, 1971

Amake Sanae,

Moni. Ndikhulupirira kuti kuzizira sikunakupwetekeni mawondo. Ine kutentha thupi kunatha, ndipo ulusi anachotsa.

Ndiye kuti Tetsu, amene pensulo imamulemera, analembera mkazi wake kalata yaitali, nkhani n'kuwoloka mtsinje. Mwakwiya, ndipo sindikukutsutsani. Mwandifunsa funso limodzi, ndiyankha lomwelo: ziwiri. Chaching'ono ndi chinzake, kumanzere. Chingwe chachitsulo chokokera ngolo za dothi chinachoka pagudumu, ine ndikuchibwezera, makina n'kuyaka. Amene anali pamakinawo musamufufuze, ndipo mkazi wake akabwera kudzagwada pakhomo pathu mumudzutse msanga. M'dzenje muja munthu samva mnzake ngakhale atakuwa.

Ndabwerera kuntchito. Andipatsa mbendera yoimitsira magalimoto pamwamba. Dzuwa tsopano ndikuliona tsiku lonse.

Lamulungu tinapita kunyumba yosambira, koyamba chichotsereni bandeji. Nditalowa m'madzi ndinatsamiritsa dzanja pamphepete osaganiza kanthu. Mkulu wina amene anali pafupi analiyang'ana, n'kuwerama pang'ono, n'kutuluka. Wina anakoka mwana wake. Posakhalitsa madzi onse anatsala a ife awiri. Tetsu anayang'ana uku ndi uku, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikireni ngoziyo anaseka.

"Bwana, akuyesani mkulu wa zigawenga zija zimadulana zala wina akalakwa! Ziwiri zathunthu, ndiye kuti munalakwa kawiri, ndinu woopsa. Tizibwera limodzi, aise. Chibadwire sindinasambepo motakasuka chonchi."

Kenaka anamiza nkhope m'madzi, ndipo anachedwa kuvuuka.

Potuluka, mwini nyumbayo anandibwezera ndalama yanga ndi manja awiri, n'kupempha mwaulemu waukulu kuti ulendo wina ndikayese kwina. Ndinafuna kumuuza kuti ndine mlimi wa mpunga wa ku Akita, mwana wa Funaki mphunzitsi wa kendo, kuti sindinatchovepo njuga ngakhale ya machesi. Ndinangowerama. Ndiye ndakhala ndikudzifunsa: ngati anthu osandidziwa akuona zimenezo, makolo a ana a m'dojo adzaona chiyani? Angamupatse mwana wawo munthu wa dzanja lotere?

Pa Chaka Chatsopano sindibwera. Muwauze bambo kuti kapitawo akufuna anthu olondera zida pa tchuthi, ndipo malipiro ake ndi owirikiza. Si bodza lonse, akufunadi. Ndibwera mu Epulo monga mwa nthawi zonse, pofesa mpunga. Pofika pamenepo ndidzakhala nditapeza mawu owauzira.

Ndatumiza zikwi makumi awiri, zina zachokera mu envulopu ija. Nsomba za hatahata zikatsika mtengo mugule bokosi lonse, muthire mchere. Bambo amazikonda za mazira.

Yoshizo


Kawasaki
19 Disembala, 1971

Okondedwa amake Sanae,

Moni. Ine ndili bwino. Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yatha m'mopinda.

Mwati bodza langa simunawauze bambo, ndipo simuwauza, chifukwa chilowereni m'nyumba ija mwawapatsa chakudya tsiku lililonse osawanamiza. Ndamva. Mwati anagwa m'dojo akukolopa matabwa, ndipo dokotala wa ku Yokote wanena kuti mtima watupa, mbande za mpunga mwina sadzazipeza. Mwati atatsitsimuka, choyamba kufunsa chinali chakuti kodi zovala zanga za kendo mwaziyanika. Mwati a Hosoya anabwera kudzachotsa chipale padenga, ndipo potsika anayeza khomo la dojo ndi mikono kuti aone ngati ngolo ingalowe. Zonsezi mwazilemba m'mizere yochepa, ngati mukundiuza mtengo wa palafini. Ndimakudziwani. Mukalemba chonchi ndiye kuti munayamba mwalira.

Lero ndinabwereka lupanga lansungwi kwa mlonda wa pachipata, amene mwana wake amaphunzira, n'kupita nalo kumtsinje wa Tama, pamalo opanda anthu. Tetsu ananditsatira. Kukweza kukutheka. Kutsitsa kukutheka. Koma pamapeto, pamene munthu amafinya kuti nsonga iime, palibe chofinyira. Nsonga imangopitirira ngati ya munthu woledzera. Ndinamuuza Tetsu kuti atole ndodo agogode lupanga langa kuchokera m'mbali. Anakana. Ndinamukalipira. Anagogoda pang'ono chabe, ngati pakhomo la munthu wodwala, lupanga n'kuuluka kukagwera m'bango.

Anakalitola n'kundipatsa, maso ali pansi. "Mkulu wanga, ndimenyeni nalo ine. Pamutu pano. Sindizinda."

Ndinati, "Iwe mutu wako ndi mwala, undithyolera lupanga la eni."

Tinakhala pansi n'kumaonerera sitima zikuwoloka mlatho mpaka manja anauma ndi mphepo.

Ndibwera. Sindikudziwa kuti ndikubwera kudzatani, koma ndibwera.

Pali chimene ndikupempha. Tsitsani magolovesi anga a kendo. Mukudziwa kuti zala zonse zinayi zimalowa m'thumba limodzi, ndiye kunja palibe angaone kanthu, kungoti lakumanzere lidzaoneka lophwa kumapeto. Mutenge thonje la m'chofunda chakale cha Sanae, mulikulunge zolimba ngati zala ziwiri, mulisokerere m'kati. Mukasokere kwa mng'ono wanu, osati kwathu. Bambo maso anapita, koma makutu awo amamva ndi ulusi womwe ukudutsa m'chikopa.

Mwati simunama. Sindikukupemphani kunena kanthu. Ndikukupemphani kusoka.

Yoshizo


Kawasaki
27 Disembala, 1971

Amake Sanae,

Moni. Ndili bwino, ndikhulupirira inunso. Tikiti ndapeza, yoimirira. Ndifika pa 30 masana. Musabwere kusiteshoni. Ndikwera basi mpaka pomwe chipale chingailole, kotsalako ndiyenda pansi.

Ndagulira bambo malaya aubweya a m'kati, ana a m'dojo maswiti, inu nsapato zija. Sanae akafika kuchokera ku Sendai mumuuziretu za dzanja, asadzakuwe pakhomo.

Madzulo otsiriza a chaka ndimawatsuka bambo kumsana, monga iwo ankatsukira agogo. Ndaganiza chonchi: kansalu ndidzagwira ndi dzanja lamanja, lamanzere lidzakhala pachidebe. Powathirira mowa, lamanzere lidzakhala pansi pa botolo. Ndakhala ndikuyeserera zimenezi ngati mwana amene akuphunzira ulemu.

Tetsu sabwera, chaka chachitatu tsopano. Watenga ntchito yolondera ija ndinkaifuna ine. Wandipatsa kaphukusi ka mkazi wake. Akuti, "Mukawamenye madala aja mpaka maso atseguke." Kenaka anandigwira mkono n'kuti zimenezo ndisakawauze.

Yoshizo


Kawasaki
11 Januwale, 1972

Okondedwa amake Sanae,

Moni. Ndinafika bwino, ngakhale sitima inaima nthawi yaitali m'mapiri chifukwa cha chipale. Ndikhulupirira kuti bambo akudya, ndi kuti inu mwapumulako.

Masiku aja ndinali kunyumba tinayankhula za palafini, za denga, za mnyamata amene akufuna Sanae. Za m'dojo sitinayankhule. Pakamwa panga mumapadziwa. Inu munaima pakhomo ndi mphika wa msuzi wa mochi, timikate tampunga tija, ndipo munaona zimene onse anaona. Ndikufuna mudziwe zimene sizinaoneke.

Nditagwada kumanga chigoba cha kumaso ndinayang'ana m'mbali mwa khoma. Kale amuna ankapanikizana pamenepo mpaka nthunzi ya mpweya wawo inkabisa denga. Chaka chino panali ana asanu, amayi awo, nkhalamba zingapo ndi a Hosoya. Amuna onse ali m'maenje a kuno. Bambo anavala okha, akupapasa zingwe, osalola munthu kuwathandiza. Ataimirira ndinaona kuti chovala cha pachifuwa chikuwalendewera.

Tinawerama. Nsonga zinakhudzana. Anakankha yanga pang'ono, monga amachitira chaka chilichonse, ngati munthu wogogoda kuti amve ngati m'nyumba muli eni. Yanga inapatuka. Anaima. Anakankhanso kuchokera mbali ina. Inapatukanso. Ndiye anabwera, osamenya, mpaka zibakera zathu zinagundana ndipo zitsulo za kumaso zinakhudzana. Anthu anayesa tikukankhana. Mpweya wawo unkanunkha mankhwala.

"Zingati?" ananong'ona.

"Ziwiri, bambo."

"Liti?"

"Mu Novembala."

"N'chifukwa chake kumsana unanditsuka ngati mlendo." Anapuma, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Kenaka anasindikiza chibakera chawo pagolovesi langa, pamalo penipeni pa thonje. "Mkazi wako Kinue amasoka bwino."

Tinapatukana. Ndinadziwa chotsatira: agogoda lupanga langa, liuluka, likagwera kumapazi kwa a Hosoya. Ngakhale Tetsu anatha ndi ndodo ya m'bango. Ndinali wokonzeka, ndipo kunena zoona ndinkafuna zitero, zithe.

Koma iwo anasunthira nsonga yawo kumbali, n'kuweramitsa mutu pang'ono.

Amake Sanae, inu mwaona kangati akuchita zimenezi? Amachitira tiana tongoyamba kumene, tsiku loyamba, kuti tidziwe pomenya. Ine anandichitira komaliza ndisanayambe sukulu. Kwa amayi a m'mbali mwa khoma mwina zinaoneka ngati akukonzekera kundimenya m'nthiti. Nkhalamba zija zinadziwa. Ndinaona imodzi ikuyang'ana pansi.

Ndinauma pomwepo. Pamwamba pa mutu wawo panali kachisi wa pakhoma, ndi thabwa lolembedwa dzina la agogo. Kumenya kopatsidwa si koyera, anandiphunzitsa ndi iwo omwe. Ndinaganiza zotsitsa lupanga, kugwada, kuvula golovesi pamaso pa onse ndi kuwauza a Hosoya kuti abwere ndi ngolo yawo. Sindikudziwa kuti tinaima choncho nthawi yaitali bwanji. Kenaka kuchokera m'chigoba muja munatuluka mawu, otsika, a munthu wokwiya ndi mwana wochedwa kuvala nsapato.

"Fulumira, iwe. Miyendo yatopa."

Ndinamenya.

Munaumva mkokomo wake inu. Kumenya koyera kumalira ngati nsungwi yophulika pamoto. Kwanga kunalira ngati munthu wokuntha mphasa. Nsonga inatsetsereka, mfuu yanga inathyokera pakhosi. Bambo anabwerera m'mbuyo, anatsitsa lupanga, n'kunena mokweza kuti ndi a pakhomo omwe amve: "Chafika." Kenaka anandigwira malaya, munthu wosaona kutsogolera woona, n'kukandikhazika pamalo pawo. Iwo anapapasa khoma mpaka kumapeto kwa mzere, n'kugwada kunsi kwa kamwana kakang'ono kwambiri. Anthu anaomba m'manja. A Hosoya anaombanso, ndipo pomwa msuzi anandiuza kuti feteleza amupezera kwina.

Moyo wanga wonse ndalota liwu limenelo. Lero sindikudziwa ngati ndinalipeza kapena ndinalipempha. M'mawa wonyamuka, inu muli kukhola, ndinawafunsa. Ndinati, "Bambo, kuja kunali kumenya?"

Anati, "Mutu ndi wanga. Wodziwa ndine." Kenaka anati, "Chipale cha padenga chija wachotsa?"

Ana azibwera Loweruka lililonse kudzakolopa matabwa, ngakhale palibe wowaphunzitsa mpaka Epulo. Bambo musawalole kupitako. Akakakamira, mubise nsapato zawo.

Yoshizo


Funabashi
6 Malichi, 1972

Okondedwa amake Sanae,

Moni. Sindikudziwa kuti ndikufunseni bwanji za moyo. Ine ndilipo.

Pakati pa Febuluwale anatisamutsa kubwera kuno, kukumba ngalande pafupi ndi nyanja. Khadi limene ndinakulemberani keyala yatsopano liyenera kuti linakodwa m'chipale pamodzi ndi basi. Telegalamu yanu yonena za imfa ya bambo inapita kukomboni yakale, n'kukhala m'bokosi pachipata mpaka dalaivala wina wa lole ataiona. Pamene inkandifika, mtembo wawo unali utatenthedwa kale, utsi utakwera. Ndinaiwerenga nditaima pamsewu, mbendera ili m'khwapa. Magalimoto analiza mahutala, ndipo ndinawalola kudutsa.

Mafupa awo m'phulusa munatola inu ndi Sanae, ndi timitengo timene ndinayenera kugwira ine. Ndilibe mawu okuthokozerani. Moyo wanga wonse ndinkafika pa tsiku loti andimenye osaphonya, koma tsiku limodzi loti ndiwanyamule sindinafike.

Tetsu kulibe. Ine nditabwerako ku tchuthi, iye anagwira ntchito masabata angapo, kenaka m'mawa wina tinapeza zofunda zake atazipinda bwinobwino, pamwamba ataikapo magolovesi ake a ntchito atsopano, ndi dzina langa. Ena akuti anamuona ku Ueno, ena akuti ku Osaka. Mkazi wake akafunsa, mumuuze kuti sindikudziwa. Ndi zoona.

Kalata yanu yafika dzana. Ndime yomaliza ija ndaiwerenga nditakhala pansi. Mwati masabata otsiriza ankakupemphani kuti muwamange zala ziwiri za kumanzere ndi kansalu kuti zisagwire, n'kumakhala pafupi ndi mbaula akukweza ndi kutsitsa lupanga, likuwagwa, inu mukutola. Mwati munawakalipira kuti adzipha, iwo n'kuti, "Khala chete, mwana wanga, ndikufunafuna." Mwati tsiku lina anakuitanani kuchokera kukhitchini n'kukuuzani kuti mulembe: Yoshizo atsitse dzanja mpaka chala chapakati chifike kumapeto kwa chigwiriro, asende chigwirirocho chichepe, ndipo achotse thonje, chifukwa ndilo likumutsekereza.

Dzulo ndinapita kugombe ndi mpini wa piki. Ndinausenda ndi mpeni, n'kugwira monga ananenera. Nthawi zambiri nsonga ikupitirirabe. Koma kangapo inaima. Inaima, amake Sanae. Ndinayang'ana kumbuyo ngati pali munthu woti ndimuuze.

Ndibwera pa mwambo wa tsiku la makumi anayi ndi chisanu ndi chinayi chimwalirireni bambo. Kapitawo akuti ndikachoka nyengo isanathe, ndalama ya pamapeto sindilandira, ndipo chaka cha mawa munthu wa mbendera sadzamufuna. Ndamuyankha kuti ndamva. Mbewu tidzaona mmene tingachitire. Mwati mabanja awiri akusamukira ku tauni chipale chikasungunuka, ndiye kuti m'dojo mutsala ana atatu. Tsiku loyamba ndidzagwada pamalo paja manja ali pamawondo, osavala kanthu, ana ndi amayi awo aone, afunse zimene akufuna. Amene adzabwerenso Loweruka lotsatira ndi amene ndidzawaphunzitse.

Ndisanafike, tengani golovesi lija, mumasule ulusi wanu. Ndikudziwa kuti munasoka zolimba, ndipo ndikudziwa kuti simunafune. Thonjelo musataye. Mulibwezere m'chofunda cha Sanae. Kwathuko kukadali kuzizira.

Ndine amuna anu,
Yoshizo